Umboni wa Achimwene

Mzime anatuluka m'tchalitchi nyimbo yomaliza isanathe. Akanakhala pang'ono pokha, akanaimirira pakati pa anthu n'kukuwa, ndipo mpingo wonse ukanati mwana wa mayi odwala aja wazungulira mutu. Mpango wa kumutu anauvula ali pakhomo n'kuupotokola ngati akufinya chochapa.

Chimene chinamuwiritsa magazi chinali umboni wa achimwene ake, mkulu wa mpingo uja wa masuti osadziwa makwinya. Mayi awo anagwa ndi sitiroko, mbali yonse ya kumanja inafa, ndipo pakamwa pankatuluka liwu limodzilimodzi movutikira. Ankagona m'chipinda chakumbuyo kunyumba kwa achimwenewo, koma wowasamala anali Mzime. M'mawa asanatsegule shopu yake yosokeramo zovala ankafika kudzawasambitsa, kuwasintha thewera, kuwapaka mafuta kumsana ndi kuwatembenuza. Masana ankasiya makina n'kubweranso, madzulo chimodzimodzi. Alamu ake anali kwa makolo awo ndi khanda, choncho womulandira panalibe. Makasitomala ena anali atamuthawa kale chifukwa madiresi ankachedwa. Achimwene ntchito yawo inali kuima pakhomo la chipinda, Baibulo kukhwapa, n'kupemphera mokweza mpaka anyumba yoyandikana amve, akatero n'kufunsa ngati malaya awo asitidwa.

Ndiye Lamulungu limenelo, nthawi ya maumboni itakwana, achimwene aja anatenga maikolofoni n'kutsokomola kaye mwaulemu.

“Abale, mukandiona chonchi, ine sindipuma. Mayi anga ndimawanyamula ndi manja awa. Ndimawasambitsa, ndimawadyetsa, ndimawatembenuza. Amayi a mumpingo muno anandipempha kuti azibwera mosinthana kudzathandiza, koma ndawauza kuti asavutike, chisomo chikundikwanira. Ulemerero upite kwa Mulungu!”

Anthu anawomba m'manja mpaka denga kugwedera. Mayi wina analira ndithu. Dzina la Mzime silinatchulidwe ngakhale mwangozi. Koma chimene chinamubaya kwambiri n'chakuti panali anthu ofuna kumupumitsa, ndipo achimwene anawabweza pakhomo osamuuza n'komwe. Msana wonsewu ukumuwawa, kani thandizo linabwera n'kubwezedwa!

Achimwenewo anakawadikira pakhonde la nyumba yawo. Atangotulukira pageti, sanawapatse mpata ngakhale wovula jekete.

“Achimwene, sopo wa Mayi amakhala pati?”

“Ukuti chiyani?”

“Sopo. Si mumawasambitsa inu? Ndiuzeni pamene amakhala.”

“Iwe, usandiyambe ndi Lamulungu lomwe. Umboni uja unali wa banja lonse. Ndikanena kuti ‘ine’ ndiye kuti ndanena tonse, paja mutu wa banja lino ndine.”

“Mutu! Mutu umachapa matewera? Mwanama m'nyumba ya Mulungu, maso ali gwa, anthu n'kumalira misozi chifukwa cha bodza lanu.”

Achimwene anapukusa mutu ngati munthu womvera chisoni wochimwa. “Vuto lako ndi kunyada, mlongo wanga. Ukufuna anthu akuwombere m'manja. Mkhristu weniweni amatumikira mobisika, mphotho yake ili kumwamba.”

Ha! Mzime anaseka, koma kunali kuseka koopsa. Munthu wangotsika kumene pa guwa ndi thukuta la mnzake, ndiye akuphunzitsa za kutumikira mobisika! Anatola chikwama chake n'kutuluka. M'chipinda chakumbuyo sanasuzumiremo.

Mawa lake anapita molunjika kushopu. Mnzake wa saluni yoyandikana, mayi wa pakamwa posatseka, anadabwa kumuona akutsegula m'mawa chonchija. Mzime anamukhuthulira zonse.

“Paja amati kamba amanyerera amene wamtola,” anatero wa saluniyo, chipeso chili m'manja. “Iwe ndiwe wofatsa mopusa, mnzanga. Anena okha kuti chisomo chikuwakwanira, ndiye asiye chiwakwanire. Walira mvula walira matope. Usapondeko phazi mpaka abwere kudzagwada pano, pakhomo pa shopu pomwe pano.”

“Nanga Mayi?”

“Aaa, Mayi ali ndi mwana wamwamuna wa manja awiri. Si anawaonetsa mpingo wonse? Masiku ochepa sangaphe munthu.”

Mawuwo anamukomera Mzime ngati madzi ozizira. Anakhala pa makina n'kupalasa mwaukali mpaka singano kuthyoka. Nthawi yotembenuza Mayi ikakwana, thupi lake linkadziwa lokha, miyendo inkafuna kunyamuka, koma iye ankaikanikiza pansi. Foni ikalira n'kuona kuti ndi achimwene, ankaitembenuza chafufumimba. Mumtima ankangobwereza mawu amene adzawauze akabwera kudzapepesa, n'kumawanola tsiku ndi tsiku. Ankapempheranso, koma pemphero lake linali lokoma pakamwa pokha: “Ambuye, aululeni.”

Achimwene nawo anauma khosi. Kuitana amayi a mumpingo kukanakhala kuvomera kuti ananama. Kuvula mayi awo owabereka n'kuwasambitsa, manyazi ankawagwira. Choncho ankangowamwetsa tiyi, kuwapukuta kumaso ndi kansalu, kuwasintha thewera likafika poipa, n'kuwafunditsa bwinobwino kuti mlendo akasuzumira aone zoyera. Akatero ankatseka chitseko n'kupita kuntchito, Mayi atagona chagada monga anawasiyira dzulo.

Sabata isanathe, foni ya Mzime inalira ndi nambala ina. Anali anamwino, mayi wachikulire wa mumpingo womwewo amene ankayendera odwala ogonera m'nyumba. Sanapereke moni.

“Siya chimene ukuchitacho, bwera kuno.”

Fungo ndilo linamulandira pakhonde. M'chipindamo mawindo anali otseka, makapu a tiyi wouma ali mbwee pansi pa bedi. Achimwene anali ataima pakona, tayi ili pakhosi, maso ali pansi. Anamwino anali atawagoneka Mayi chammbali, ndipo atakweza nsalu Mzime anagwira pakamwa. M'munsi mwa msana, pamene iye ankapaka mafuta tsiku lililonse, panali chilonda chonyowa, chakuda m'mphepete. Chidendene chimodzi chinali chitayambanso kunyuka. Thupi la Mayi linali moto.

“Mwaona?” Mzime anatembenukira achimwene. “Mwaona chisomo chanu chija? Onani! Onani ntchito ya manja anu!”

“Ukanapanda kuthawa…”

“Khalani chete nonse awiri!” Anamwino anamenya beseni ndi dzanja mpaka madzi kutayikira. “Tulukani, musakanganire pamutu pa wodwala.”

Anawatsatira kukhitchini n'kutseka chitseko. Magolovesi anawavula mochita kukoka.

“Munthu amene sangathe kudzitembenuza yekha, khungu lake limafa akagonera malo amodzi nthawi yaitali. Magazi sayenda pamene fupa lakanikiza. Likanyowanso ndi mkodzo, ndiye basi, limatseguka. Chilonda chotere chimayamba msanga koma kupola kwake n'kwa miyezi, ndipo chikalowa m'magazi chimapha. Mayi anu akupita kuchipatala lero lomwe. Izi si za mapemphero a pakhomo.”

Anayang'ana achimwene. “Inu akulu a mpingo, ine ndinalipo tsiku lija, ndipo ndinawomba nawo m'manja. Ndikanadziwa ndikanawasunga manja angawa. Amayi anali okonzeka kubwera, inu munawabweza kuti dzina lanu likule. Munati ulemerero upite kwa Mulungu, koma munayamba mwaupatutsa n'kuuika m'thumba la jekete. Mulungu safuna kuti timukometsere ndi bodza. Mukanati, ‘Abale, ine zandikulira, mlongo wanga ndiye akuvutika, tithandizeni,’ umenewo ukanakhala umboni. Mutu umodzi susenza denga, mwambi umenewu mumaulalikira nokha pa guwa.”

Mzime anamva kukoma kukukwera pachifuwa. Koma anamwino anali asanamalize.

“Iwenso usaimike khosi. Anakulakwira, inde, ndipo kukwiya kwako kunali ndi chifukwa. Ukanabwera kwa ine, ukanapita kwa abusa, ukanawaitana wekha amayi aja. Pakamwa uli napo, ndapamva. Koma unasankha kulanga achimwene ako pogwiritsa ntchito msana wa mayi ako. Iwe ndiwe unkadziwa kuti amafunika kutembenuzidwa. Awa ndi mbuli pa zimenezi, iwe ayi.”

“Ndimafuna aphunzire,” anatero Mzime, koma mawu anatuluka aang'ono.

“Aphunzira. Nanga sukuluyo walipira ndani?”

M'chipinda chakumbuyo munamveka kubuula.

Mayi anagonekedwa m'chipatala, akulandira mankhwala kudzera mu diripi. Mzime sanachoke pambali pawo. Kwa achimwene sankayankhula kupatula zofunika, ndipo iwo akabwera ankakhala pa benchi panja, chipewa chili pa bondo. Tsiku lina achimwenewo analowa pamene anamwino a m'chipindamo ankatsuka chilonda, ndipo sanathawe. Anavula jekete, anapinda malaya, n'kufunsa mlongo wawo motsitsa mawu kuti agwire pati. Mzime anawalozera phewa ndi chiuno osawayang'ana kumaso. Onse awiri anathandizana kuwatembenuza Mayi.

Kutentha thupi kutatsika, Mayi anatulutsidwa, chilonda chikadali chotseguka. Lamulungu lotsatira Mzime sanapite kutchalitchi, anatsala kuti asinthe bandeji. Chakumasana anamva phokoso pageti. Anali amayi a mumpingo, wina ndi ndowa, wina ndi nsalu zoyera, wina ndi sopo. Mtsogoleri wawo anamukumbatira asanalowe n'komwe.

“Mwana iwe, bwanji sunanene? Achimwene ako aimirira lero pamaso pa mpingo wonse. Ati umboni uja unali wabodza, wosamala Mayi ndiwe, ndipo iwo anatibweza chifukwa chofuna kutamandidwa. Dzina lako alitchula mobwerezabwereza, misozi ili chuchuchu. Apempha kuti ayambe atula pansi udindo. Palibe anawomba m'manja, tchalitchi chonse chinangoti zii.”

Izi ndi zimene Mzime ankazilakalaka masiku onse aja ali pa makina. Anadikira kuti mtima uzizire, koma sunazizire. Anathokoza amayiwo, anawaonetsa pochapira, n'kubwerera m'chipinda kukamaliza ntchito yake.

Mayi anali maso. Kuyambira pamene anagonekedwa m'chipatala sanayankhulepo kanthu, ankangoyang'ana khoma. Mzime anagwada pambali pa bedi, anamata bandeji, n'kuwakonzera pilo pakati pa mawondo.

“Mayi, mwamva? Achimwene avomera. Anena zoona pamaso pa anthu onse.”

Dzanja lamanzere, lokhalo lamoyo, linafufuza pa bulangete mpaka linapeza mkono wake. Linagwira ndi mphamvu yodabwitsa. Milomo inavutika, mbali imodzi ikukana, malovu akutsika pachibwano. Mzime anasendeza khutu pafupi.

“U… unali… kuti?”

M'mawuwo munalibe ukali. Linali funso chabe la munthu amene ankayang'ana chitseko m'mawa, masana ndi madzulo, osamvetsa chimene analakwa. Mawu onse amene Mzime ananola aja anali oti auze achimwene, ndipo panalibe ngakhale limodzi loti n'kuuza mayi ake. Anaika chipumi pa dzanja lija n'kulira mokweza, mpaka amayi ochapa panja anasiya kuchapa.

“Ndikhululukireni, Mayi. Ndinali kushopu, ndinkadikira kuti anditchule dzina.”

Phunziro: Mnzako akagwira ntchito, mutchule, ndipo zikakukulira nena kuti zakukulira, chifukwa Mulungu salemekezeka ndi umboni wabodza. Nawenso wolandidwa ulemu, dandaula kwa oyenera kumva, koma usasiye amene akudalira manja ako. Awiri akamalimbirana kutamandidwa, chilonda chimatuluka pa munthu wachitatu amene sanalakwe kanthu.