Timphira ta Pagalasi

Bizwick Makwinja anali mlangizi wa zaulimi. Zaka zambiri ankakwera njinga yamoto kuchokera pa Rumphi Boma kupita ku Nchenachena, matope kapena fumbi, mpaka sitiroko inamugwetsa ali pakati posamba. Atatuluka m'chipatala, dzanja lamanzere linali lolemera ngati la munthu wina, mwendonso ankaukoka. Mkazi wake Flossie, mphunzitsi wa pa pulayimale, ankamusiya yekha m'nyumba kuyambira m'mawa mpaka masana. Abale awo onse anali kwawo ku Mulanje.

Mwana wawo Diana, amene ankagwira ntchito ku Mzuzu, ndiye anabwera ndi thanki yagalasi ya nsomba pa minibasi, ataikulunga m'bulangete. Anaikamo mchenga, miyala ndi timbuna tachikasu ndi tabuluu.

"Adadi, iyi ndi ntchito yanu tsopano," anatero Diana. "Kapampu aka kamasefa madzi. Iyi ndi hita, chifukwa nsomba izi sizigwirizana ndi kuzizira kwa kuno. Zonse zimagwira pagalasi ndi timphira iti. Mungoona kuti tisamatuke."

Masabata oyamba zinayenda bwino. Bizwick ankakokera mpando pafupi, n'kumazipatsa chakudya pang'onopang'ono. Flossie anamumvapo akuseka, chinthu chimene chinali chitasowa m'nyumbamo.

Kenako June anafika ndi mphepo yochokera ku Nyika, ndipo timphira tija tinayamba kukana. Tinauma, m'mbali mwake mukupindika. Hita inkagwera pamchenga. Kapampu kankapendekera n'kumazungulira pa chingwe chake. Kuti munthu akamatenso pankafunika dzanja lina logwira ndi lina lokanikiza. Flossie akaweruka ankapeza mwamuna wake mkono wa juzi uli chonyowa mpaka m'khwapa, milomo ikunjenjemera.

"Bambo a Diana, bwanji osandidikira?"

"Ndikudikireni pa chilichonse? Kusamba ndikudikireni, mabatani ndikudikireni. Ndi kamphira komwe?"

Flossie ankangomuvula juziyo n'kumubweretsera ina.

Tsiku lina ali m'kalasi, anaona mnansi wawo Nyagondwe ataima pakhomo, akupuma mwabefu.

"Mama, tiyeni kunyumba. Adada agwa. Ndawamva akuitana koma chitseko n'chokiya."

Flossie anathamanga choko chili m'manja. Anapeza simenti ya pabalaza ili madzi okhaokha. Kapampu kanali katamatuka n'kuloza kukamwa kwake m'mwamba, madzi n'kumalavukira kunja kwa thanki. Bizwick anali atadzuka kuti akakonze, ndodo inaterereka, iye n'kugwera pambali pa tebulo. Anali chigonere m'madzimo, chipumi chitatupa, waya wa magetsi uli pafupi ndi phazi lake. Flossie anazimitsa kaye magetsi pa khoma, kenaka iye ndi Nyagondwe anamunyamula.

"Yewo chomene, mama," Bizwick anathokoza mnansiyo m'Chitumbuka, maso ali pansi.

M'thankimo madzi anali atatsika kwambiri. Nsomba imodzi yachikasu inali itayandama chagada.

Madzulo a tsikulo Flossie anatuluka panja n'kumuimbira Diana.

"Chinthu chako chija chikadapha bambo ako lero. Ubwere udzatenge, kapena ndikapereka kusukulu."

Diana analira kaye. Kenaka anati, "Amama, musachotse. Mukachotsa azingoyang'ana khoma. Timphirato tauma ndi kuzizira, ndipo galasi lachita ndere. Mutiviike m'madzi otentha kuti tifewe. Pamene mukufuna kumatapo mupale bwinobwino mpaka pasiye kuterera. Mukanikize pakati penipeni kuti mpweya wonse utuluke."

Loweruka m'mawa Flossie anachita zomwezo. Anawiritsa madzi m'ketulo, n'kuponya timphira m'kapu. Titafewa tinabwerera mwakale, tozungulira bwino ngati kambale. Anapala ndere ndi kasiponji katsopano mpaka galasi linalira pansi pa chala. Anakanikiza. Tinagwira. Anayesa kukoka hita, koma inakana kusuntha.

"Mwaona? Zatheka," anatero akumwetulira, akupukuta mkono.

Bizwick anali pampando wake, chotupa chija chitada. Anayang'ana thankiyo kanthawi, kenaka anatembenukira kuwindo. Tsiku lonselo sanazipatse nsomba chakudya. Lamulungu atabwera kuchokera kutchalitchi, Flossie anapeza kabotolo ka chakudyacho kali pomwe anakasiya.

"Kodi mwakwiya chifukwa ndakonza?"

"Sindinakwiye."

"Nanga?"

Poyankha, mawu a Bizwick ankatuluka mokoka monga ankachitira akatopa.

"Mayi a Diana, matulani. Ndimate ndekha. Inu mungoima pompo."

Flossie anamva mtima kuwawa. Anakumbukira waya uja pafupi ndi phazi. Anafuna kukana, koma nkhope ya mwamuna wakeyo inamuletsa. Anazimitsa magetsi, analowetsa chikhadabo pansi pa timphira, n'kutimatula tonse.

Bizwick anaimirira, anatsamira tebulo ndi chiuno. Ndi dzanja lamanja ananyamula lamanzere n'kulilowetsa m'madzi, kuti ligwirizize kapampu pagalasi. Zala zake zinali zopindika, sizinkamva. Kapampu kanapulumuka, kanagwa, mchenga unavunduka. Anayambiranso. Thukuta linatsika m'khosi ngakhale kunkazizira. Flossie anapinda manja kumbuyo kuti asamuthandize.

Pomaliza kapampu kanagwira, kopendekera pang'ono. Pa hita kamphira kam'mwamba kanamata, koma kam'munsi kanakana, ndipo mphamvu zinali zitamuthera. Anadzigwetsa pampando akupuma movutika.

"Kotsalako mawa," anatero.

Lolemba Flossie anavala kuti azipita kuntchito. Anakweza waya n'kuumangirira pa msomali, anayala chiguduli chouma pansi pa tebulo. Chitseko sanakiye. Anadutsira kwa Nyagondwe kukamupempha kuti azisuzumira pawindo, koma asaonekere.

Ali pa msewu, ana asukulu akumupatsa moni, anaima n'kucheuka. Anaganiza zobwerera kuti akamate yekha kamphira kotsalako mwamuna wake asanadzuke pampando. Belu la kusukulu linalira. Anapitiriza ulendo, foni ataigwira m'manja m'malo moiika m'chikwama.