Buku Limene Ndinakana Kuwotcha

Ndinasesa pa kiliniki ya kwathu zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo wosesa amaona zambiri chifukwa palibe amene amamuwerengera. Ndine Marjory. Nkhani ya Philemon imandiwiritsabe mtima mpaka lero.

M'chaka cha 1995 anatitumizira a Reuben kuchokera ku Lusaka, ndipo tonse tinkawatchula adokotala. Anali aukhondo, nsapato zowala ngakhale m'matope a dzinja, koma ukhondo wawowo ndi umene unatipweteka. Kwathu wodwala aliyense ankayenda ndi kabuku ka kusukulu kodula pakati, mmene munkalembedwa matenda ake onse. Anthu ankasomeka mabukuwa kudenga, ndiye ankabwera akuda ndi utsi, ena atadyedwa ndi mphemvu. A Reuben ankanyansidwa nawo. Ankagwira buku ndi zala ziwiri, n'kuliponya m'katoni osalitsegula, n'kulemba pa kapepala katsopano. Ntchito yanga inali kuwotcha katoniyo Loweruka lililonse.

Tsiku lina mu Febuluwale, mayi wina dzina lake Estina anafika kuchokera cha ku Shikabeta akukankha njinga, mwamuna wake Philemon atakhala pakaliyala, malungo akumunjenjemeretsa. A Reuben anaponya buku lake m'katoni monga mwa masiku onse, n'kulemba fansida. Estina anagwada, n'kunena motsitsa mawu kuti masisitere a kuchipatala cha mishoni ku Mpanshya analemba kanthu m'bukumo, ndipo anamuuza kuti aziwonetsa kulikonse.

"Amayi, dokotala pano ndani, imwe kapena ine?" anatero a Reuben, osadzutsa n'komwe mutu.

Estina anadzuka n'kulandira mapiritsi atatu. Tinaleredwa choncho, kuti wophunzira sabwezeredwa mawu. Philemon anameza mapiritsi atatuwo pomwepo, ndipo madzi omwera ndinamupatsa ndine.

Patapita masiku asanu anabweranso, ulendo uno atagona m'ngolo. Milomo inali itaphulika, maso atamatana, khungu likusupuka ngati la mbatata yowotcha. A Reuben anangomuyang'ana ali pakhomo. Kenako anakokera pambali Whiteson, mkulu wake wa wodwalayo, n'kumuuza kuti awa ndi matenda a masiku ano, ndipo afunse bwino mlamu wake zimene amachita akamagulitsa nthochi kwa oyendetsa mathiraki pamsewu. Ndinamva ndi makutu angawa, tsache lili m'manja. Achibale anathamangira naye Philemon ku Mpanshya, koma anamwalira patapita masiku awiri.

Loweruka lapitalo palafini anali atatha, ndiye sabata imeneyo makatoni awiri anandidikira. Ndikukhuthulira kudzenje, ndinaona buku la Philemon n'kulitsegula. Sukulu ndinalekezera giredi seveni, koma zimene zinali patsamba loyamba sizinkafuna digiri. Zinalembedwa ndi inki yofiira, zilembo zikuluzikulu, zodulidwa mzere kawiri: munthuyu asapatsidwe fansida, anatsala pang'ono kufa naye mu 1991.

Ndinapita nalo kwa a Reuben. Anawerenga, nkhope n'kuchita mdima, kenako anandiuza kuti madzi akatayika saoleka, ndipo ine ntchito yanga ndi tsache ndi machesi. Anandikumbutsanso kuti ofuna kusesa ndi ambiri. Ndinali ndi ana atatu opanda bambo, ndipo sindinama, mantha ndinachita. Koma bukulo ndinalikulunga m'chitenje.

Ndinafika kumudzi kwa Philemon tsiku lometa. Ndinapeza mapoto a Estina ali kale pabwalo. Achibale anali atagwirizana kuti abwerere kwawo yekha, ana asiye, chifukwa mkazi wobweretsa matenda oterowo sangalere ana a m'bale wawo. Iye anangokhala pamphasa, osalira, osadziteteza. Akanatsutsa bwanji mawu a adokotala?

Ndinaimirira pakati pa amuna, zimene mkazi mlendo sachita, n'kuwerenga tsambalo mokweza. Ndinanenanso zonse zimene ndinaona, ndi za madzi aja zomwe. Whiteson anatenga bukulo, anawerenga yekha pang'onopang'ono, kenako anapita kukatola mapoto aja n'kuwalowetsa m'nyumba. Kupepesa kunamukanika, koma ana sanawatchulenso.

Ntchito inandithera mwezi womwewo, akuti ndinaba mapepala a boma. A Reuben anangowasamutsira ku kiliniki ina, nsapato zawo zikuwalabe. Izi n'zimene zimandiwawa, chifukwa kumenekonso anthu amasomeka mabuku kudenga.

Ndikuchoka pamudzipo tsiku lija, Estina ananditsatira mpaka panjira ndi bukulo. Iye sadziwa kuwerenga. Anandipempha kuti ndimuwonetse pamene panalembedwa mawuwo, poganiza kuti ndi penapake mkati, pobisika. Ndinatsegula chikuto n'kumulozera. Anaika chala pa inki yofiirayo, n'kukhala nthawi yaitali osachichotsa.

"Ba Marjory," anatero, "ndiye anangofunika kutsegula chikuto chokhachi?"

Ndinamuyankha kuti inde.