Diso la Kumanzere la Tamanda

Chimfine chinamugwira Tamanda mu Juni, mphepo ya ku Chitipa itafika poluma. Anatsokomola masabata awiri, mphuno osamva ngakhale fungo la palafini, kenako anachira. Onse pakhomo anaiwala za matendawo.

Patapita masiku, diso la kumanzere linayamba kupweteka chakumbuyo akangoliyendetsa. Loweruka lina, akuthandiza mayi ake aakulu, a Evelyn, kugulitsa zitenje mumsika wa paboma, fumbi linamulowa m'diso la kumanja ndipo analitseka. Chitenje chofiira chimene anagwira chinaoneka chotumbuluka ngati chachapidwa zaka khumi. Atatsegula, chinafiiranso.

Sanauze munthu. Anachoka ku Ntcheu kudzaphunzira Fomu 3 kwa a Evelyn, ndipo pomutsanzika mayi ake anamulangiza kuti, "Pakhomo pa eni sadandaula, ndipo wamkulu samuyang'ana kumaso." Malangizowo anawasunga mpaka a Evelyn ankanyadira kwa anzawo a mumsika.

"Uyu ndiye mwana. Sadzutsa nkhope ngati atsikana a masiku ano."

Tsiku lina a Evelyn atamuona akugwiragwira pachipumi, anapita naye ku kachipatala kena chakufupi ndi Lufita. Tamanda anakhala pabenchi, maso ali pa nsapato za adokotala.

"Chavuta n'chiyani, mtsikana?"

"Mutu," anayankha a Evelyn. "Amawerenga kwambiri ameneyu."

"Mutu basi?"

Tamanda anafuna kunena za diso. Koma akatsutsa bwanji zimene wamkulu wanena kale, pamaso pa mlendo?

"Eya," anatero chapansipansi.

Anamubaya chala, malungo sanapezeke, n'kumupatsa mapiritsi a mutu.

M'mawa uliwonse ankabisala kuseri kwa bafa, n'kuphimba diso la kumanja ndi chikhato, kuyang'ana mtengo wa mapeyala. Poyamba masamba ankaoneka. Sabata yotsatira unangokhala mthunzi, pakati pake pali chibowo cha nkhungu. Zala za kumapazi nazo zinayamba dzanzi. Ankapemphera kuti wina amufunse, amugwire chibwano n'kumudzutsa nkhope, poti yekha sakanatha kuyamba.

Lachitatu lina akuvala yunifomu, diso la kumanja linalasa chakumbuyo, ululu womwe uja. Mabuku anagwa m'manja. Likapita limenelinso, atsala ndi chiyani?

Anathamangira kumsika. Njinga yamoto yochokera kumanzere sanaione, inamukhudza siketi.

"Iwe! Ukuwona yayi?" anakalipa woyendetsa m'Chitumbuka.

Atafika pabenchi ya zitenje anagwada mwachizolowezi.

"Mayi, maso anga."

"Ukuti chiyani? Kweza mawu, ukuyankhula ndi nyerere? Nanga kusukulu?"

"Ndikuchita khungu!"

Anakuwa, msika wonse unacheuka. A Evelyn anasiya zitenje zili choncho, namukoka dzanja mpaka kuchipatala chachikulu.

Anawalandira a Simwaka, dokotala wa maso, bambo wa imvi m'ndevu.

"Yang'ana mphuno yangayi."

Tamanda anayang'ana pansi.

"Mama, ulemu tausiya pakhomo apo, ukautenga potuluka. Muno timayang'anana."

Tamanda anadzutsa nkhope. Adokotala anaunika tochi diso ili, diso ilo, n'kubwerezanso. Anamuonetsa chivindikiro chofiira cha botolo, namufunsa mtundu wake diso limodzi atatseka.

"Unadwalapo chimfine chachikulu posachedwa?"

"Mu Juni."

"Diso linayamba liti?"

"Masabata anayi apitawo. Zala za kumapazi nazo zikuchita dzanzi."

A Simwaka anaika tochi patebulo pang'onopang'ono.

"Kachilombo ka chimfine kakachoka, nthawi zina thupi limapitiriza nkhondo, n'kutupitsa mtsempha umene umachoka ku diso kupita ku ubongo. Dzanzi la kumapazilo likufunikanso kuyezedwa. Mukupita ku Mzuzu lero lomwe. La kumanjali mwafulumira nalo. La kumanzere sindilonjeza. Ena limabwerera, ena ayi."

"Masabata anayi!" A Evelyn anagwira m'mutu. "Tikugona nyumba imodzi, Tamanda? Bwanji osanena?"

"Ndimaopa kukuvutitsani."

"Kundivutitsa? Ine kumakutama kwa anthu, iwe ukufa ndi diso?"

A Evelyn anakhala pabenchi, napukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje.

Masana anakwera ambulansi pamodzi ndi odwala ena awiri. Tamanda anakhala pawindo, akuopa ngakhale kuphethira. Diso la kumanja linkatola chilichonse, mbuzi, minda ya mpendadzuwa wouma, mayi wosenza nkhuni, ngati kuti mawa sizidzakhalapo. Kumanzere kunali nkhungu yokhayokha.

A Evelyn anatulutsa foni kuti aimbire mng'ono wawo ku Ntcheu. Tamanda anawagwira mkono.

"Mayi, musawauze kuti ndinakuwa mumsika."

"Ndiwauza," anatero a Evelyn. "Ndiyambira pomwepo."