Majombo a Namaudzu

Agogo anabisa majombowo mumgolo wakale kuseri kwa bafa, n'kuvundikirapo chiguduli. Anali majombo achikopa a mdzukulu wawo, mtsikana amene anthu a mumsewu wawo ankamutcha Namaudzu chifukwa cha ntchito yake. Ankagwira m'bungwe losamalira tchire la udzu limene linatsala kumapeto kwa nyumba za m'deralo, kuseri kwa fakitale ya njerwa, ndipo m'mawa umenewo iye ndi anzake ankapita kukatentha mbali imodzi ya tchirelo. Kutentha dala, munthu mutu wake uli bwinobwino.

Dzulo lake agogo anali atachenjeza mpaka kukhosi kuuma. Anatchula mphepo yotembenuka, utsi wotseka m'maso, mphiri zothawa moto zimene zimaluma aliyense wopezeka panjira.

"Ngati udzuwo wakukwanani, bwanji osangoulima? Mudzalemo mitengo, anthu azikhala pamthunzi."

"Agogo, uja si udzu wamba," anatero Namaudzu. "Sunadzalidwe ndi munthu, ndipo khasu silinalowemo chiyambire. Kapinga wa pabwalo la mpira ndi mtundu umodzi basi. Muja mukagwada pamalo ongokwana mphasa, mitundu yake simungaimalize. Mukalima kamodzi, ndiye wapita, subwereranso."

"Ndiye chinthu chokondedwa choncho muchiyatse?"

"Mizu ili pansi, moto suipeza. Tikatentha pano udakali ndi chinyezi, moto umayenda mwaulemu. Tikadikira uume, wina adzaponya ndudu, ndipo udzatipeza pakhonde pano."

Mawu akuti moto waulemu ndi amene anawasowetsa mtendere agogo. Iwo chibadwire sanauonepo. Anaganiza kuti munthu wopanda majombo sangaponde pamoto, adzangokhala pakhomo n'kukwiya, ndipo mkwiyo supha.

Namaudzu anafunafuna pansi pa bedi, kuseri kwa chitseko, m'basiketi ya zochapa.

"Agogo, majombo anga mwawaona?"

"Ine ndimavala majombo?"

Mtsikanayo anawayang'ana nthawi yaitali osaphethira. Galimoto ya anzake inaliza hutala pamsewu. Anatenga nsapato zapulasitiki zimene amavala pochapa, n'kutuluka.

Agogo anangoti kakasi pakati pa chipinda. Pakhonde, mwana wawo wamwamuna, amene anali telala, anaimitsa makina ake osokera.

"Amayi, mwachita bwino," anatero akudula ulusi ndi mano. "Pulasitiki ikagwira moto imakakamira pakhungu ngati phula. Kuchipatala amachita kusenda."

"Tseka pakamwa, iwe. Mwana wa mlongo wako ameneyo."

"Nanga ndabisa ndine? Mgolo uja ndinaumva ukulira."

Agogo anakavundukula chiguduli, n'kumanga majombowo pansalu, n'kuuyamba ulendo. Anadutsa pa wowotcherera zitsulo, anamuuza kuti adzachita khungu. Anadutsa ana osewera pafupi ndi ngalande, anawathamangitsa osaima n'komwe. Mawondo ankalira, koma kuseri kwa fakitale utsi woyera unali utayamba kale kukwera.

Pamene msewu unathera, udzu unayambira. Zaka zonsezi ankauona patali, ndipo ankaletsa aliyense wa m'nyumba mwawo kuuyandikira. Tsopano kanjira kake kanali kamodzi, kopapatiza, udzu wofika pachifuwa uku ndi uku. Anatola kamtengo n'kumamenya kutsogolo.

"Njoka inu, ndikungodutsa. Sindinabwerere inu."

Mame ananyowetsa nsalu yawo. Maso anali pansi, kusaka chokwawa, ndipo pansipo panali zambiri zoti sanayembekeze: udzu wofiirira, wina wa ngayaye ngati ubweya wa mphaka, timaluwa tachikasu tobisala m'tsinde, njuchi, ziwala zamitundumitundu zikuthethekera m'miyendo. Zinziri inabuka pafupi ndi phazi lawo, mtima unachita ngati wathawa nayo limodzi. Anaima, anagwira pachifuwa, kenaka anamva kuthetheka kwa moto ndipo anafulumira.

Anatulukira pamalo opalidwa bwino, otambalala ngati msewu. Kutsidya kwake moto unkayenda chokwawa, wosapitirira bondo, anthu akuutsata ndi ndodo za mphira kumapeto. Bambo wina wandevu anawatchingira.

"Amayi, kuno sikololedwa."

"Ndiitanireni wa nsapato zobiriwira uyo. Msanga, bambo, ndakupemphani."

Namaudzu anabwera akutsimphina pang'ono, nkhope ili bii ndi mwaye. Agogo anagwada n'kumuvula nsapato yakumanja. Kunsi kwake kunali kutafewa ngati sera, ndipo pachidendene panali thuza laling'ono. Analikhudza ndi chala.

"Ndi laling'ono, agogo."

"Likanakula."

Mtsikanayo anavala majombo, anamanga zingwe mothina. Sanafunse kumene anapezeka.

"Tiye kunyumba tsopano," anatero agogo, ngakhale ankadziwa yankho.

"Tatsala ndi mbali iyo. Inu khalani pompano, moto sudumpha apa. Mbali mwadutsayo sitiyatsa chaka chino, n'kothawira tizilombo."

Anabwerera muutsi. Agogo anatsala ataima popalidwapo, nsapato zapulasitiki zili m'manja. Mbalame zakuda zinkazungulira pamwamba pa utsi, zikuwakha ziwala. Kamba wamng'ono anatuluka kumbali ya moto, akuwoloka pang'onopang'ono ngati alibe mlandu ndi munthu.

"Fulumira, iwe, ukuyenda ngati telala wanga," anatero, n'kumukankha ndi kamtengo mpaka analowa mu udzu wauwisi.

Kenaka ananyowetsa chala ndi malovu n'kuchikweza m'mwamba. Mphepo inali idakali komwe inali. Sanachitsitse chalacho, ndipo maso awo sanachoke pa majombo aja akuyenda m'phulusa.