Matumba abwerera kwa eni ake

Pabwalo panga panali mulu wa matumba a mabotolo wofika m'khosi, pomwe Loweruka akuchimuna amabwera kudzatenga mwana wanga Puleng. Tenti ya ukwati ndikanaikhoma pati?

Zinali zodziputira ndekha. Khonsolo itayamba kutolera padera mabotolo, makatoni ndi zitini, ndine ndinavala kajuzi kawo kobiriwira n'kumayenda khomo ndi khomo mu lokeshoni: tsukani, sankhani, lembani nambala ya nyumba pathumba. Lole yotolera itasowa masabata asanu, ndinauza anthu asataye mtima, azingosiya matumbawo kwa ine.

Lachinayi inatulukira. Dalaivala sanazimitse n'komwe injini.

"Zitini zokha, Mme," anatero, kunditchula mayi mwa kwathu kuno. "Mabotolo ndi makatoni tinasiya."

"Munasiya liti?"

"Mitengo inagwa. Ogula akuti botolo likungowadyera dizilo. Chikalata simunachione?"

"Chikalatacho chibwera kudzanyamula izi? Mwanawe, ndili ndi ukwati mkuja."

"Ndiye zakuyenderani, Mme. Alendo aziti phwando munaliyamba kalekale."

Ndinamuyang'ana mpaka anatseka zenera. Makatoni ndikanawotcha, koma botolo silipsa. Lole ya zinyalala wamba imabwera Lolemba, ndipo imakhuthula bini basi, thumba la pambali siliona.

Ndinayamba mwaulemu, kugogoda kuti aliyense akatenge zake. MmaTumelo, make Tumelo wa pa nambala 38, mnzanga wa zaka makumi awiri, anaseka.

"Tinakupatsani, ausi, mchemwali wanga. Mukufuna tikanyambite malovu omwe tinalavula?"

Ntate Lekhetho, bambo yemwe ndi mkulu wa mpingo, anandiyankhira pazenera. "Mabotolo? Pakhomo pano timamwa tiyi, MmaPuleng."

Apo mtima unandiwira. Zaka zitatu ndikutsuka zitini za anthu ena, lero palibe mwini ngakhale wa chivindikiro.

Lachisanu m'mawa ndinabwereka wilibala. Sindinalimbane ndi munthu, ndinkangowerenga nambala n'kukatula pageti. Pa 41, kwa a tiyi aja, ndinatula matumba asanu ndi awiri. Lomaliza linang'ambika, mabotolo a burande n'kugubudukira mumsewu, pamaso pa anthu odikira minibasi. Pa 38 ndinapeza mwamuna wa MmaTumelo akutsuka galimoto. Anamasula thumba, natulutsa timabotolo ta jini todzaza manja. Bamboyo samwa, ndipo mpaka tsikulo ankadziwa kuti mkazi wakenso samwa. Ndinaona nkhope yake, koma wilibala inali itandilowa kale m'magazi, ndinapitirira.

Pofika masana bwalo linali mbee. Tenti inakhomedwa, mipando inandandalikidwa, nkhosa inamangidwa kuseri. Ine ndi Puleng tinatulutsa mbatatesi, karoti ndi maungu, tinayala mabeseni, n'kuika mabenchi anayi mozungulira. Kwathu kuno, tsiku loti mawa ndi ukwati, amayi a mumsewu amabwera aliyense ndi mpeni wake kudzasenda. Saitanidwa.

Inakwana thili koloko. Inakwana folo. Mageti onse anali otseka, ngakhale ana osaoneka panja.

Puleng anasenda mbatatesi imodzi, kenaka ina, osandiyang'ana.

"Mme, alendo mawa ndi mazana awiri."

"Ndikudziwa."

"Ndiye bwererani nyumba ndi nyumba. Nambala mukuzidziwa."

Ndinavula epuloni, n'kuyamba ndi 38. Ndinagogoda katatu. Mkatimo wina anangokweza wailesi.