Achibale a Panjira ya ku Rumphi

Anthu a pa Mwanza boma amadziwa kuseka chinthu asanachimvetse. Tsiku limene a Stafford Kamwendo analowa pakhomo pawo ndi ambulansi yakale imene anagula pa okushoni ya magalimoto otha ntchito, ena anafunsa ngati bamboyo wayamba kukonzekeratu matenda ake, ena anati mwina akufuna khola la nkhuku la matayala. A Stafford sanayankhe aliyense. Munthu amene wayendetsa galimoto za boma mpaka kupuma pa ntchito, osagundapo ngakhale mbuzi, sataya malovu pa anthu oyenda pansi.

Anachotsamo machira ndi mashelefu a mankhwala, n'kukhomeramo bedi la mlombwa, kabati ya mbale, ndi kabokosi kokhazikamo pulayimasi yophikira kuti isamagwe pamabampu. Mtanda wofiira uja anaufafaniza ndi penti yobiriwira. Akazi awo, a Liness, anasoka makatani a m'mawindo kuchokera ku nsalu imene ankasungira Khirisimasi. Pofika nthawi yokolola, oseka aja anali kubwera kudzasuzumira pawindo n'kumafunsa mwaulemu ngati chimbudzi chilinso momwemo. Galimotoyo inangotchedwa Nyumba, ndipo a Liness ankainyadira kuposa ya njerwa imene ankagonamo.

Ulendo wake unali wa ku Rumphi. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Eleanor, anali namwino kumeneko, ndipo anali atabereka kamwana kamene a Liness ankangokadziwa pachithunzi. Ankafunitsitsa kukakanyamula kasanayambe kuyenda kokha n'kumathawa alendo. Koma ankafunanso kukafika amoyo, ndipo apa mpamene panagona nkhani.

A Stafford anali atalengeza kale kumsika, pakhonde la telala pamene madalaivala opuma ntchito ankasewera bawo, kuti Rumphi ndi masiku awiri basi: loyamba kukagona ku Kasungu, lachiwiri kukadya mgonero ndi mkamwini. Anati njirayo anaiyendapo ali mnyamata, ili fumbi lokhalokha, ndiye phula silingawaopseze. A Laston, mnzawo wakalekale amene ankawatsutsa pa chilichonse, ngakhale pa za mvula, anati chigalimotocho chikangofika pa Zalewa ndiye kuti chili ndi mwayi. Mawu a mwamuna akatuluka pabawo sabwerera m'kamwa, choncho boma lonse linadziwa kuti Nyumba ikafika ku Rumphi tsiku lachiwiri.

Chimene a pabawo sankadziwa, a Liness ankachidziwa. Maso a amuna awo anali atayamba kuchita ng'ala. M'mawa ankaona bwinobwino, Baibulo ankawerenga okha, koma dzuwa likangopendeka zinthu zinkawachitira mbuu. Tsiku lina akuchokera kwa Kanduku, kumene anakayesa Nyumba pazitunda, anapyola masamba amene anthu anayala pamsewu posonyeza maliro, liwiro lomwelo, chipewa chili kumutu. Awa anali a Stafford amene ankavula chipewa podutsa ngakhale manda akale opanda mwini. A Liness anaona amuna a pasiwa akuimirira n'kuiperekeza galimotoyo ndi maso. Atacheukira amuna awo, anapeza nkhope ili phee, munthu sanaone kanthu. Apa a Liness anachita mantha enieni, mantha a kukafera pamsewu kutali ndi kwawo.

Kuwauza maso ndi maso kukanakhala ngati kuwavula pagulu. Bamboyo sankamwa, sankasuta, munda ankalima mongokwaniritsa lamulo, ndipo ulemu wake wonse unali pachiwongolero. Ndiye a Liness anaganiza zoyenda njira imene mwamuna aliyense wa kuno sangaikane, njira ya chibale.

Anayamba m'mawa wina akusenda mbatata. Anafunsa ngati n'zoona kuti akadutsa pa Balaka osaima kwa azakhali awo a Iness. Nanga anthu sadzati agula galimoto ndiye ayamba matama? A Stafford anang'ung'udza kuti akangopereka moni injini ikulira, koma nawonso ankadziwa kuti moni wa kwa azakhali ndi nkhuku, ndipo nkhuku imayamba yathamangitsidwa kaye. Balaka inakhala pogona poyamba. Sabata isanathe a Liness anakumbukira abusa amene anabatiza Eleanor, omwe tsopano anali ku Dedza. Kenako anatulukira a Esinati, mnzawo wa ku Mvano amene anasamukira ku Kawale, ku Lilongwe, ndipo pomalizira pake anakumbutsa a Stafford za mphwawo yemwe, wa ku maesiteti a fodya ku Kasungu. Chibale ndi fupa sichiola, ankatero a Liness, nkhope ili yoyera ngati ya munthu wochokera ku mgonero wa Ambuye.

Musaganize kuti achibalewo ankangowatola. A Liness za mamailosi sankazidziwa ndipo sankazifuna. Ankapita pamene ankaima malole ochokera ku Tete, n'kumafunsa madalaivala funso limodzi lokha: galimoto yokalamba, yolemera, yoyenda ngati ili ndi mazira, ikanyamuka pakutipakuti m'mamawa, dzuwa likamafika pamutu imakhala ili pati? Akawauza malowo, ankakhala pansi n'kufufuza m'mutu mwawo m'bale wokhala chapafupi. Amene anali patali kwambiri ankamusiya, ngakhale akhale wa bere limodzi ndi mayi awo.

Tsoka lake, achibale anathera pa Kasungu. Kutsogoloko kunali mtunda wautali kuposa yonse, ndi nkhalango ya Chikangawa imene madalaivala ankaitchula motsitsa mawu chifukwa cha chifunga ndi malole a matabwa. A Liness sanagwe mphwayi. Anavala chitenje chatsopano n'kupita ku positi kwa a Bartholomew Nyirenda, kalaliki wochokera ku Mzimba, kukapempha kuti awabwereke m'bale. A Bartholomew anaseka mpaka kuvula magalasi, koma ataona kuti mayiyo sakuseka, anamvetsera nkhani yonse. Anawabwereka mayi awo owabereka a pa Jenda, n'kuwonjezerapo mlongo wawo wa ku Mzuzu ngati basela.

Apa nzeru zinapyola muyezo. Madzulo ena a Stafford ali chagada kunsi kwa Nyumba akumanga mabawuti, a Liness anatchula mongodutsa kuti pa Jenda palinso azakhali ena ofunika kuwaona. Sipanala inasiya kulira. A Stafford anatuluka pang'onopang'ono, anapukuta manja pachisanza, n'kufunsa dzina la azakhaliwo. A Liness anati ndi a NyaMhango.

"Mayi a Eleanor, takhala limodzi kuyambira nthawi ya atsamunda," anatero a Stafford. "Azakhali olankhula Chitumbuka mwawatola kuti?"

Mabodza onse amene a Liness anakonza anawathawa nthawi imodzi. Anakhala pansi pa chitsa cha pafupi, manja ali pamaondo.

"Masamba a maliro aja a kwa Kanduku simunawaone, bambo. Ine ndinawaona. Ndikufuna ndikamunyamule mwana uja, ndipo ndikufuna mukandifikitse ndinu, osati basi."

A Stafford sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anatola zitsulo zawo chimodzichimodzi n'kulowa m'nyumba. Masiku otsatira sanapite kubawo. Dzuwa likapendeka ankakwera mu Nyumba, n'kukhala pachiwongolero injini ili chete, akuyang'ana mtengo wa mango wa kutsogolo, kutseka diso ili, kenako linalo. A Liness ankawaonera pawindo la kukhitchini ndipo chisoni chinkawadya. Anaganiza kuti awathyola msana amuna awo, kuti Nyumba igulitsidwa kwa wa malasha, ndipo iwo akakwera basi okhaokha, kusiya munthu wamanyazi pakhomo.

Koma Lolemba limene anapangana kunyamuka litakwana, a Stafford anadzuka tambala woyamba atangolira, n'kuvala khaki wawo wakuntchito, wositidwa mpaka mizere kuoneka. Anauza akazi awo kuti alongedze, osawonjezera liwu lina. Pofika kunja kutayera, pakhomo panali patadzaza. Mkulu wa mpingo anapemphera pemphero lotchula chigawo chilichonse cha dziko, amayi a Mvano anaimba, ndipo aliyense amene anali ndi m'bale kumpoto kwa Zalewa anabwera ndi kaphukusi koti katumizidwe. A pabawo anaima pambali, a Laston ali patsogolo, manja kumbuyo.

"Ndiye lero Kasungu, achimwene?" anafunsa a Laston mokweza, kuti aliyense amve.

A Liness anali kale pampando wa kutsogolo, ndipo anayang'ana pansi. A Stafford anaima phazi limodzi lili pachopondera, natembenuka kuyang'ana gulu lonselo.

"Lero Balaka, Mulungu akalola. Maso angawa masiku ano amaweruka masana ngati a mu ofesi, ndiye ndiziyendetsa m'mawa mokha. Rumphi sathawa."

Anazinena ngati munthu wolengeza mtengo wa chimanga, osatsitsa mutu. A Laston, amene anabwera ndi chipongwe chokonzeratu, anachimeza. Anazungulira galimotoyo akumenya tayala lililonse ndi nsapato, n'kunena kuti kuthamanga sikufika, ngati kuti mfundoyo inali yawo kuyambira kale. A Liness anadzutsa mutu n'kukhala mowongoka. Anali atawanyadirapo kambiri amuna awo, koma kunyada kwa tsiku limenelo kunaposa konse.

Msewu uli ndi mapulani akeake. Mapemphero ndi maphukusi zinali zitadya kale m'mawa wonse. Asanatuluke m'boma anyamata a Yufi anawaimitsa kufuna makadi a chipani, ndipo atawaona anapempha kuonanso bedi. Pazitunda Nyumba inawira kawiri, a Stafford n'kumaidikira kuti izizire, akuilankhula mofatsa ngati ng'ombe yotopa. Pa Zalewa apolisi anaitanizana kudzaona kabati ndi pulayimasi, mmodzi mpaka kuyesa kugona pamatiresi. Pamene ankadutsa Phalula dzuwa linali litapendeka kale, likulowa pawindo la mbali ya a Liness.

Kwa azakhali a Iness kunali kutatsala pang'ono, mtunda woti kale a Stafford akanaumeza osasintha giya. Nkhuku iyenera kuti inali itaphedwa kale. A Liness anaona amuna awo akuyamba kusendera kutsogolo, chibwano chili pafupi ndi chiwongolero, maso atatsinzina pang'ono. Munthu wa panjinga anatulukira m'mbali mwa msewu ndipo a Stafford anamupatuka mochedwa. Basi ya ku Lilongwe inawapitirira ikuliza hutala, okwera akuloza ndi zala. A Liness mawu anali nawo, koma anali atalankhula kale kamodzi, ndipo ankadziwa kuti kachiwiri sikangakhale kuchenjeza, kangakhale kulanda chiwongolero. Anangogwira chitseko.

Anamva injini ikutsika mawu. A Stafford anatulutsa dzanja pawindo, monga ankachitira madalaivala akale, napatukira kumanzere pansi pa mlambe waukulu, pafupi ndi mjigo pamene amayi awiri ankatunga madzi. Anakoka handibuleki, anazimitsa injini, n'kuika makiyi m'thumba la malaya.

"Tafika, mayi a Eleanor."

A Liness anayang'ana uku ndi uku. Panalibe azakhali, panalibe abusa, panalibe munthu ndi mmodzi yemwe wowadziwa dzina. Misozi inalengeza m'maso mwawo, ndipo sanaibise. Anatsika, anamanga chitenje bwinobwino, n'kutenga ndowa kupita pamjigo paja. Amayi aja atafunsa kumene alendowo akuchokera ndi kumene akagone, a Liness analoza galimotoyo ndi mutu n'kunena kuti kwawo ndi pomwepo, ndipo amene akuwaona akutsegula makataniwo ndi amuna awo, dalaivala.