Mbuzi ya a Jasten ndi Zikhomo Zofiira

Achimwene, achemwali, mulipo? Foniyo igwireni bwino, ndikuuzeni za amalume anga a Jasten, munthu amene anafuna kugonjetsa kampani ya magetsi pogwiritsa ntchito mbuzi.

Munali mu 1996, kwathu kunyanja ku Salima. Pamsika pathu panali chiinjini chakale cha magetsi, chomwa dizilo ngati chidakwa, utsi tolotolo, kuzima kawiri pa tsiku. Kampani ina inati ibweretsa makina atsopano, omwa mafuta ochepa koma opereka magetsi ambiri. Anthu anakondwa.

Koma m'mawa wina a Lucy, akazi a amalumewo, anapeza zikhomo zofiira za kampaniyo zitazungulira malo amene iwo ndi amayi anzawo amaimikapo mathandala oyanikira utaka. Malo ouma pafupi ndi doko ndi okhawo. Akapita, bizinesi ya nsomba yatha.

"Bambo a Luka, titani?" a Lucy anafunsa amuna awo.

"Khalani chete, mayi. Za boma safunsa. Ndili ndi nzeru."

Nzeru yake inali iyi: ankamangirira tonde wawo pa chikhomo, n'kuika msipu patali pang'ono. Tonde akakoka, chikhomo zuu. Wina akafunsa, iwo amvekere, "Si ine, ndi mbuzi." Anyamata a kampani ankangobwera n'kukhomanso. Sabata ziwiri, tonde ananenepa, zikhomo zili pomwepo.

Tsiku lina a Lindiwe, aphunzitsi oyandikana nawo nyumba, anawapeza akumanga chingwe.

"A Jasten, mbuziyi mwailemba ntchito?"

"Ikungodya, aphunzitsi."

"Lachinayi kuli msonkhano wa kampani kusukulu. Bwanji osakanena kumeneko?"

Amalume anayang'ana uku ndi uku. "Inu ndinu obwera. Kuno munthu anafunsapo funso pamsonkhano, tinamuona patatha zaka zitatu."

"Ndikudziwa. Kwathunso zinkachitika," anatero a Lindiwe. "Koma tinavota kuti zimenezo zithe. Msonkhanowu aitanira kuti amve ife. Mukakhala chete, alemba kuti mwavomera. Ndipo kuzula zikhomo ndiye mlandu, kufunsa si mlandu."

Amalume anapitiriza kumanga chingwe. Koma a Lucy, amene ankatsuka mbale kuseri, anamva zonse.

Lachinayi anthu anadzaza. Injiniya wa kampani, a Clifton, anapachika mapu pa bolodi. Anafotokoza kuti makina atsopanowo adzachepetsa utsi, magetsi sadzazimazima, ndipo munthu adzatha kupanga ayezi wosungira nsomba. Kenako analoza pa mapu. "Tidzamanga apa, poti ndi malo opanda ntchito. Pali funso?"

Abambo kutsogolo anaomba m'manja monga mwa chizolowezi. Amalume anaomba kuposa onse.

Kumbuyo a Lucy anaimirira, lichero la utaka lili m'manja.

"Pepani bwana. Malowo munadzawaona mwezi wanji?"

"Januwale, mayi."

"Januwale ku chilumba cha Mbenji, kumene kumachokera nsomba zathu, kumakhala kotseka, asodzi sapita. Mphasa timakhala tachotsa, mitengo tasunga kuopa kuwola ndi mvula. Munapeza udzu. Bwerani mu Juni, simupeza popondapo. Nsomba izi zinauma pamenepo. Ana anga amadya pamenepo."

Amalume anaweramitsa mutu, kuyembekeza galimoto ya apolisi. Kenako mayi wina anati, "Zoona." Winanso, "Ifenso timayanika pomwepo." Anaimirira amayi oposa makumi awiri.

A Clifton anavula magalasi. "Palibe anatiuza zimenezi. Tinafunsa abambo awiri amene tinawapeza pa bawo, anati m'thengo chabe. Tiyeni mukandionetse."

Anapita onse. Amayi anawaonetsa maenje a mitengo ya mathandala, mzeremzere. Pomwepo anapezanso tonde atamangiriridwa pa chikhomo, akukoka mwakhama.

"Ndiye amene amatizulira ndi ameneyu?" anafunsa a Clifton. "Mwini wake ndani?"

"Sindikumudziwa," anatero amalume. Tonde anawathamangira n'kuyamba kuwanyambita dzanja.

Sizinathe tsiku limodzi ayi. Panachitika misonkhano ina iwiri, amayi anasankha a Lucy kuti aziwayankhulira, mapu anajambulidwanso. Makina anamangidwa kumtunda, kuseri kwa msika. Mathandala anatsala, magetsi anabwera, ndipo a Lucy anayamba kutumiza chambo cha pa ayezi ku Lilongwe. Amalume mpaka lero amati anathandizapo. A Lucy amangoti, "Eya, munaomba m'manja."

Phunziro lake n'losavuta. Chitukuko chikamabwera kwanu, pitani ku msonkhano. Funsani, nenani zimene mukudziwa za malo anu, ndipo amayi ayankhule nawo. Wojambula mapu sadziwa zonse. Kuwononga zinthu mobisa sikusintha kanthu, koma mawu onenedwa poyera amalembedwa.

Nanga kwanuko, zikhomo zitabwera munatani? Munafunsa, kapena nanunso munatuma mbuzi? Lembani m'munsimu, amalume ndikawawerengera.